Mkango Umene Unalondera Chimanga

Lamba uja Tabeth anamupeza m'mawa wina chakumapeto kwa dzinja, pamene munda wake umathera ndi kuyamba msitu wa kamtsinje ka Chisowa. Anali lamba wokhuthala ngati wa chigayo, wamtundu wa dothi, woduka mbali imodzi, ndipo pakati pake panali kabokosi kolimba, kakulidwe ka sopo wochapira. Ankanunkha chinyama. Tabeth anamutembenuza uku ndi uku, namukoka ndi manja onse awiri, naona kuti ngwolimba. Sanafunsenso zambiri. Ku Mnkhanya chinthu cholimba sachisiya pansi.

Ntchito yake inapezeka pomwepo. M'msitumo Tabeth ankatcheramo mono, ndipo chingwe chomangira monowo chinali chitawola. Analowa chowerama, minga ikumukola duku, nakafika pamene nthambi ya mkuyu imalendewera pamwamba pa madzi. Anakulunga lambayo panthambipo, nalumikiza nsonga zake ndi luzi, luzilo nalitsitsira ku mono. Madzi akakoka mono nthambi inkagwedera, kabokosi kaja n'kumagogoda pamtengo, go, go, go. Tabeth anakhutira, nabwerera kukayendera chimanga chake.

Chimangacho chinali chabwino, ndipo n'chifukwa chake sichinkamusangalatsa. Zaka zitatu zotsatizana chinkakhala chabwino chomwechi, ndevu zitayamba kuuma, kenaka njovu zinkawoloka mtsinje wa Lupande kudzakolola. Anayesa mpanda wa tsabola, anayesa zitini, anayesa utsi wa ndowe. Mwamuna wake, Josiah, ankapalasa njinga kukanena ku ofesi ya zanyama, n'kubwerako ndi fungo la mowa wa ku Masumba ndi yankho limodzimodzi: galimoto ilibe mafuta, ndiponso msewu wa kwanu sukupitika. Asikauti a zanyama ankafika ndithu, koma patapita mlungu, kudzayang'ana ndowe ndi kupukusa mitu.

Ndiye mudzi wonse unatuluka kudzaonerera pamene galimoto yoyera inatulukira mumsewu wosapitikawo, itadzola matope mpaka m'magalasi. Kumbuyo kwake kunaimirira Langford, msuweni wa Josiah, amene anali sikauti wa m'mudzi. Anali atanyamula chitsulo chofanana ndi minga ya nsomba yaikulu, akuchilozetsa uku ndi uku pang'onopang'ono. Galimotoyo siinaime m'mudzi. Inapitirira mpaka kumunda kwa Tabeth, anthu ali pambuyo.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero Langford akutsika.

"Taswera, kaya inu. Chaka chino mwafulumira. Njovu sizinabwere."

"Sitinabwerere njovu. Tabwerera Dolly."

"Dolly wa kwa yani?"

"Mkango, alamu. Waukazi."

Amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo, naponda amene anali pambuyo. M'galimotomo munatuluka mtsikana wovala khaki, tinthu tomvetserera tili m'makutu. Anapereka moni mwaulemu, nati dzina lake ndi Priscilla, wa ku bungwe lina loyang'anira mikango.

"Musachite mantha," anatero Priscilla. "Dolly tinamuveka lamba pakhosi. M'lambamo muli kawayilesi kamene kamalira usana ndi usiku. Khutu la munthu silingamve, koma eriyo imene agwira a Langford imamva. Kumene yaloza n'kumveka kwambiri, ndiko ali."

Langford anakweza eriyo ija, nailozetsa kumudzi. Kanthu kamene Priscilla anagwira m'manja kankangoti shiii. Atailozetsa kumsitu, kanayamba kulira momveka bwino: thi, thi, thi.

Tabeth anasendera pafupi. "Lambayo ngwotani?" anafunsa.

Langford anaonetsa ndi manja. "Wokhuthala chonchi. Pakati ali ndi kabokosi ngati sopo."

Choyamba chimene chinabwera m'mutu mwa Tabeth n'chakuti lamba sayenda yekha, ndiye kuti mkangowo unadutsadi pamene iye amawerama tsiku ndi tsiku. Chachiwiri chinali chakuti ayenera kunena. Anatsekula pakamwa, koma Priscilla anali asanamalize.

"Lamba akakhala chete osagwedezeka, kulira kumasintha, kumathamanga. Pamenepo timadziwa kuti nyama yafa kapena lamba wagwa. Koma uyu akugwedezeka, chonsecho sakuchoka malo amodzi. Mkango waukazi ukabisala m'msitu chonchi, ndiye kuti waswa. Dolly ali ndi ana."

Ananena izi nkhope ikuwala, ngati akulengeza za mdzukulu wa mudzi wonse. Palibe anaomba m'manja.

"Ndiye muuombera liti?" anafunsa Anastasia, mayi wamasiye wa munda woyandikana ndi wa Tabeth.

"Ayi, amayi, sitiombera. Tisiya asikauti pano, amulondere kuti wina asamutchere kapena kumuthirira mankhwala. Munthu asalowe m'msitumu. Akhala pano mpaka anawo atayamba kuyenda."

"Ndiye kuti mpaka liti?" anafunsa Tabeth.

"Mwina mpaka mu Meyi."

Tabeth anayang'ana chimanga chake, nayang'ananso msitu, natseka pakamwa.

Asikauti anayi anamanga matenti pamtunda, pamalire a munda wa Tabeth ndi wa Anastasia. Njovu zinabwera mlungu womwewo. Tabeth sanazione, anangomva m'mawa atafika kumunda. Asikauti a kutsidya kwa Lupande anali ataziona zikuwoloka, nawauza anzawo pa wayilesi ya ova-ova kuti gulu lalunjika kwanuko. Zinapeza anthu ali chire, ndi tochi zazikulu ndi mfuti zoombera m'mwamba, ndipo zinabwerera zisanathyole phesi ndi limodzi lomwe.

"Mwachita bwino, alamu," anatero Tabeth, akupereka maungu awiri kwa Langford.

"Tikanatani? Zikanatipondera ana a Dolly."

Wayilesi ya ova-ova ija inkapachikidwa pamtengo wa tenti, ndipo posakhalitsa inasanduka chitsime cha mudzi. Pafupi pake panali sola yotchajira mabatire, ndiye mafoni a m'mudzi, amene kale ankapita panjinga kukatchajidwa kubwalo la ndege, ankagona pamenepo pamzere ngati nsomba zoyanika. Anastasia anali ndi mwana wake wamwamuna, sikauti ku kampu ina ya ku Nsefu kumene foni siigwira. Langford anamuitanira mwanayo pa wayilesi, ndipo mayiyo anamukalipira chifukwa chosabwera ku maliro a azakhali ake, makampu onse a m'chigwa cha Luangwa akumvetsera. Anaphunzira kuti ukamaliza kulankhula umati "ova", ndipo mawuwo anamukomera kotero kuti ankawanena ngakhale potsanzika kudimba.

Ndiye panali Agness, mpongozi wa Anastasia, amene matenda ake a uchembere anayamba msanga, mwana atakhala mopingasa. Chaka china chilichonse akanamunyamula pangolo, ndipo anthu ankadziwa mmene maulendo a pangolo oterowo amathera. Chaka chimenechi Langford anangodina wayilesi, galimoto yoyera ija inabwera ikuuluka, Agness nakachira kuchipatala. Anabwerako ndi mwana wamkazi. Anamutcha Dolly.

Tabeth ankaona zonsezi ali duu. Nthawi zina chikumbumtima chinkamuluma, makamaka akaona ana akupita kusukulu mozungulira, atagwirana manja, kuopa kudutsa kufupi ndi msitu. Koma akatembenuka n'kuona zitsononkho zikulemera pamapesi, chikumbumtimacho chinkagona.

Chimene sanachiyembekezere chinali Josiah. Kwa zaka zambiri Tabeth ankapemphera kutchalitchi kuti mwamuna wake azikhala pakhomo. Tsopano pemphero linayankhidwa mosefukira. Njira ya ku Masumba inkadutsa m'mphepete mwa msitu, ndiye Josiah analekeratu mowa tsiku lomwelo. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, akuyang'anira ntchito za mkazi wake. Anatulukira kuti Tabeth amawononga mchere, kuti amasesa molakwika, ndiponso kuti nkhuku amazitsekulira mochedwa.

"Atate ake a Gladys, bwanji osapita kukacheza kwa anzanu?" anatero Tabeth tsiku lina.

"Ndikusiye wekha mkango uli pakhomo? Ndine mwamuna wotani?"

Popeza mowa panalibe, Josiah anayamba kuledzera ndi nkhani. Mudzi wonse unali utaonako kanthu: wina mapazi pamatope, wina mchira m'mabango, wina anamva kubuula. Koma Josiah anauona mkangowo wathunthu. Anati anakumana nawo maso ndi maso pamalire a munda, nayang'anizana, mkangowo n'kuyamba kuphethira. Tabeth ankamva nkhaniyi akusenda nyemba, osakweza mutu.

Kenaka mbuzi ya Anastasia inasowa m'khola. Langford anaona mapazi nati ndi fisi, koma panalibe womumvera. Mudzi uli ndi mkango sungaberedwe ndi fisi. Amuna anasonkhana pansi pa mvunguti, mitima ili m'mwamba, ndipo mmodzi anati, "Josiah, iwe ndiwe umadziwa njira yake, ndiponso umakuopa. Tichotsere chinthuchi." Onse anavomereza. Josiah anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe pothawira.

M'mawa mwake anasolola waya wa buleki panjinga yake, nauza mkazi wake kuti akukaona tsabola wa kumpanda. Asikauti anamupeza ataima pakhomo pa msitu, waya wopinda kale ngati msampha uli m'manja. Udzu wa pamene anaimapo unali utagoneratu, kusonyeza kuti anafika kalekale koma phazi lolowera linamukanika. Langford akanakhala yekha akanamulanda wayayo ndi kumuthamangitsa. Koma mnzake anali atadina kale wayilesi, ndipo mawu akalowa mmenemo sabwezeka. Mwana wa Anastasia ku Nsefu anamva za kumangidwa kwa Josiah Tabeth asanamve. Galimoto inabwera dzuwa lisanafike pamutu. Mafuta inali nawo.

Tabeth anafika ku matenti akuthamanga, galimotoyo itapita kale. Anapeza Langford atakhala pachigubu, mutu uli pansi.

"Alamu, imbani wayilesi yanuyo, muwauze amubweze."

"Sizitheka, alamu. Zafika kale kwa akuluakulu."

"Ndiye muwauze akuluakuluwo kuti m'msitumu mulibe mkango. Muli mono wanga."

Langford anakweza mutu. Tabeth anafotokoza zonse: mmene anatolera lamba, mmene anamumangira panthambi ya mkuyu, mmene madzi amakokera mono. Analankhula mosabisa kanthu, ndipo atamaliza anamva kupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Langford anamuyang'ana ndi maso achifundo.

"Alamu, ndinu mkazi wabwino. Josiah sakuyenerani."

"Ndikunena zoona!"

"Ndikudziwa kuti zikuwawa. Mkazi aliyense angayesetse." Anatenga kanthu kolira kaja, nalozetsa eriyo kumsitu. Thi, thi, thi. "Mwamva? Makina sanama. Ndipo amuna anu omwe avomera pamaso pathu kuti anauona ndi maso awo. Mukufuna kunena kuti a Josiah ndi abodza?"

Funso limenelo Tabeth akanaliyankha mosavuta, koma anaona kuti mawu sathandiza. Anamanga chitenje mwamphamvu nalunjika kumsitu. "Dikirani pompo, ndikubweretsereni Dolly wanuyo m'manja."

Sanapite patali. Asikauti awiri anamugwira, wina dzanja ili wina ilo, iye akupalapata ndi kukuwa kuti amusiye. Amayi amene anabwera kudzatenga mafoni awo anayamba kulira. "Akufuna kukadzipereka ku mkango! Chisoni chamuzunguza mutu!" Anamuperekeza kunyumba atamuzinga, ndipo masiku otsatirawo amayi a chigwirizano ankasinthana kumukhalira, kumuimbira nyimbo ndi kumupempherera. Akangotchula mono, ankayang'anana n'kuyambitsa nyimbo ina. Mpeni ndi chingwe anazibisa kwa Anastasia.

Tabeth anaona kuti njira yokhayo yochirira ndi kuvomera kuti mkango ulipo. Atavomera, amayiwo anathokoza Mulungu nabwerera kwawo, iye naloledwa kupitanso kumunda.

Kumundako ndiko Priscilla anamupeza. Anasiya galimoto ku matenti nabwera yekha wapansi, kudutsa m'mizere, masamba a chimanga akumukwapula m'mapewa. Atapatsana moni, mtsikanayo anakhala pamzere ngati munthu wozolowera munda.

"Amayi, a Langford andiuza zimene munanena tsiku lija."

"Ndinali wodwala."

"Monowo ngwaukulu bwanji?"

Tabeth anamuyang'anitsitsa. Pankhope ya Priscilla panalibe chifundo chija cha Langford. Panali kutopa kokha.

"Umafika m'chiuno," anayankha Tabeth.

Priscilla anapuma mozama. "Dzana woyendetsa alendo wina wa m'paki ya zanyama anatiimbira pa wayilesi. Waona mkango waukazi pamchenga wa Luangwa, wong'ambika khutu lakumanzere. Dolly ngwong'ambika khutu lakumanzere. Akuti ngwonenepa, alibe lamba, ndipo alibe mwana ndi mmodzi yemwe. Inenso ndinkadabwa. Mkango woyamwitsa, koma osasaka, osasiya fupa, miimba osazungulira."

"Ndiye mwabwera kudzandimanga."

"Ndikumangeni chifukwa chotola chinthu pamunda panu? Munanena zoona, sitinamve ndife." Anathyola kaudzu nayamba kukatafuna. "Vuto langa ndi lina. Tsiku loyamba lija ndinapita kubwalo la ndege, kumene kuli intaneti, ndinauza mabwana anga akunja kuti Dolly waswa. Anasangalala kwambiri. Anauza dziko lonse. Ana a sukulu ina kumeneko anachita mpikisano wosankha mayina. Ana amene kulibe ali ndi mayina kale, amayi. Sindikudziwa poyambira."

Tabeth sanafune kuseka, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno. Priscilla anaseka naye pang'ono. Kenaka anaimirira, nasenda nsonga ya chitsononkho chimodzi, nadina njere ndi chikhadabo.

"Amayi anga amalima ku Msoro," anatero. "Ichi chatsala pang'ono. Chiuma liti?"

"Dzuwa likapitirira chonchi, mwezi uno usanathe tiyamba kusanja."

"Malamulo a ntchito yathu salola kulowa m'msitu pamene lamba akunena kuti mkango uli moyo. Woyendetsa alendo angathe kulakwitsa, mikango yong'ambika makutu ndi yambiri. Ndiyenera kufufuza bwinobwino. Zimenezi zimatenga nthawi."

"Nanga atate ake a Gladys?"

"Waya ndi mlandu, mkango ukhalepo usakhalepo. Koma sanatchere, ndipo aliyense anaona kuti sakanatchera. Ndapempha kuti nkhaniyi isapite kukhoti. Akutchetcha udzu kukampu. Adzabwera."

"Akutchetcha udzu? Iwo aja?"

"Kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

"Musawafulumizitse kwambiri akuluakuluwo," anatero Tabeth. "Nawonso afufuze bwinobwino."

Mvula inaleka, dzuwa linakhazikika. Njovu zinayesanso kangapo, koma wayilesi inkafika patsogolo pawo nthawi zonse. Tabeth anadula chimanga chake nasanja, Anastasia chimodzimodzi, ndi onse a minda ya mbali imeneyo. Ngolo zinkapita ndi kubwera. Anthu anali ataiwala kuti kukolola kumatopetsa, ndipo ankadandaula za misana mokondwa.

Chisowa nako kanayamba kuphwa. Madzi anatsika, natsika, mpaka anasanduka timadziwe tosayenda. Mono unakhala pamatope, nthambi ya mkuyu inaleka kugwedera. M'mawa wina Langford atalozetsa eriyo kumsitu, kulira kunali kutasintha: thithithithi, ngati mtima wa mbalame yogwidwa. Anakhala pansi, chipewa chili m'manja. Miyezi yonseyi anali atamukonda Dolly.

"Wafa," anauza wayilesi. "Dolly wafa. Ova."

Priscilla anafika, ndipo mudzi wonse unasonkhana pamalire a munda. Asikauti analowa m'msitu mondondozana, mfuti zili patsogolo, Langford akutsogolera ndi eriyo. Patapita nthawi zitsamba zinagwedezeka, ndipo Langford anatuluka atasenza mono paphewa, lamba akulendewera kuluzi. M'monomo munali minga ya milamba ndi chigoba cha nkhanu. Anautula pansi pamaso pa anthu, osayang'ana kumene kunali Tabeth.

"Ndinanena ine," anatero Tabeth.

Palibe anamumva, chifukwa Anastasia anali atagwada kale pafupi ndi lambayo, akuyang'ana mfundo ya luzi.

"Taonani mamangidwe ake," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Iyi ndi mfundo ya munthu. Mkango wamba ungavule lamba n'kumumanga panthambi? Uja sunali mkango wamba. Akale ankanena kuti eni nthaka akaona ana awo akuvutika amabwera atavala chikopa. Wabwera, watilonderera chimanga, wamaliza ntchito, wavula chinthu cha azungu, wapita."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Ena anavula zipewa. Mkulu wa mpingo anatsokomola, koma poti nayenso nkhokwe yake inali itadzaza, sanatsutse.

Priscilla anayesa kufotokoza kuti lamba amatha kuduka yekha, ndi kuti Dolly ali moyo kutsidya kwa Luangwa. Zimenezi zinangotsimikizira anthu kuti Anastasia wanena zoona. Mtsikanayo anasiya, natola lamba wake, nathokoza mudzi chifukwa cha kupirira. Asikauti anayamba kuzula matenti. Amene mafoni awo anali asanadzaze anathamangira ku sola kuti apezeko kamoto komaliza.

Galimoto itatsala pang'ono kunyamuka, Anastasia anagogoda pagalasi.

"Mwana wanga, tamvera. Chaka chamawa, chimanga chikangomasula, mutibweretsere mkango wina. Ngakhale wokalamba, ngakhale wopanda mano, bola ukhale ndi lamba. Malo alipo. Ova."

Langford anakwera kumbuyo ndi eriyo yake. Pamene galimoto inkadutsa pafupi ndi Tabeth, anawerama nati, "Alamu, maungu aja anali okoma."

Josiah anabwera patapita masiku, atawonda, m'manja muli zikang'a zimene mkazi wake anali asanazionepo chikwatirane. Anapeza chimanga chitaunjikidwa pabwalo, nkhuku zikuchita phwando, chifukwa nkhokwe yakale inali itadyedwa ndi chiswe pazaka zimene inakhala yopanda ntchito. Tabeth anamupatsa madzi osamba ndi chakudya, kenaka anamufotokozera nkhani yonse ya mono, kuyambira pachiyambi. Josiah anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amake Gladys," anatero modekha, "ndinamva kukampu kuti unadwala mutu. Usadzivutitse. Ine ndinauona."

M'mawa mwake anapita kukadula nsungwi, nayamba kuluka nkhokwe yatsopano, yaikulu kuposa yoyamba. Ankagwira ntchito mwachangu, ndipo pakamwa pankagwiranso. Wogula thonje wina wochokera ku Chipata anaima kudzapempha madzi akumwa, ndipo Josiah anamukhazika pansi namuyambira nkhani ya mkango wa m'Chisowa: kukula kwa mapazi ake, mmene unamuyang'anira, mmene iye anapitira yekha ndi kawaya ka njinga pamene amuna onse a m'mudzi anabisala.

"Ndipo kumbuyo kwake kunali ana asanu," anatero Josiah, "akuyenda pamzere ngati a sukulu."

Tabeth anali atakhala pambali, akung'amba luzi ndi kumupatsira. Mlendoyo anamuyang'ana ngati akufunsa ngati n'zoona. Tabeth ananyowetsa luzi lina m'beseni, nalipereka kwa mwamuna wake.

"Musamawonjeze, atate ake a Gladys," anatero. "Anali awiri."